Makalata a mlembi wa m'banja mwanu: kuchokera m'sutikesi mpaka ku National Archives

A malume anga atamwalira ku Highfield, mumzinda wa Harare, katundu wawo anagawidwa m'mawa umodzi wokha. Majekete, wailesi, njinga, ngakhale nsapato zopitira ku tchalitchi, zonse zinapeza eni ake. Pakona panatsala sutikesi yachitsulo yodzaza ndi mapepala, ndipo ndinamva alamu ena akuti mapepalawo akayatsire moto wa madzi osamba kuti sutikesiyo isungiremo mbale. Ndinakagwada kwa akazi a malemuwo.

"Azakhali, ndapota nanu, mapepalawa ndisunge ndine."

"Tenga mwanawe, koma lisatayike ngakhale limodzi. Amalume ako ankadzuka nawo usiku amenewa."

A malumewo anachoka ku Dedza ali mnyamata kubwera kuno ku Halale, monga ankatchulira makolo athu. Masana anali kalaliki pa fakitale, usiku ankalemba nkhani zopeka m'Chichewa, ndipo imodzi inasindikizidwa kumudzi kukhala kabuku. M'sutikesimo munali makalata a zaka zambirimbiri, ochokera kwa amayi awo, kwa achemwali awo, kwa anzawo a kusukulu ndi kwa aphunzitsi ena amene ankawawerengera zolemba zawo. Buku limaonetsa mlembi atasamba ndi kutchena. Makalata ndi amene amamuonetsa akudandaula za lendi, akupempha nthangala za maungu, akufunsa mawu amene ayamba kumuthawa m'kamwa. N'chifukwa chake nyumba zosungiramo zolembedwa zakale zimawafuna kwambiri. Makalata amene mlembi wotchuka Doris Lessing ankalembera anzake ali mumzinda uno m'zaka za m'ma 1940 amasungidwa ku University of East Anglia ku England, ndipo a mlembi wina, Bessie Head, ali ku Khama III Memorial Museum ku Serowe, m'dziko la Botswana. Athu nawonso akhoza kusungidwa chimodzimodzi. Ndikufotokozerani ndondomeko imene ndinatsata, ndi pamene ndinaphonya.

Yambani ndi abale

Musananyamule pepala lililonse, pezani chilolezo. Mkazi kapena mwamuna wa malemu, ana awo, ndi mwinimbumba kumudzi adziwe kuti makalata ali kwa inu komanso chimene mukufuna kuchita nawo. Nkhaniyi inenedwe pagulu, nthawi yogawa katundu isanathe. Mukatenga mwakachetechete, tsiku lina mudzamva kuti munaba zikalata za nyumba kapena za penshoni. Ndipo ngati zikalata zoterozo zilimodi, monga za nyumba, za kubanki, chiphaso cha ukwati, zijambuleni n'kuzipereka kwa eni ake tsiku lomwelo anthu akuona.

Musasanje msanga

Apa ndi pamene ndinalakwitsa ine. Nditafika nayo sutikesi kunyumba ku Mufakose, ndinamasula mitolo yonse n'kuyamba kuika makalata motsata zaka, poganiza kuti ndikukonza. Patapita masiku ndinazindikira kuti a malume anali ndi dongosolo lawolawo. Mtolo womangidwa ndi kansalu kofiira unali wa nthawi imene ankalemba buku lija, ndipo munali makalata a anthu osiyanasiyana, risiti ya pepala lotayipira, ndi kachidutswa ka nyuzipepala. Zinthu zimenezo zinkafotokozana zokha chifukwa chokhalira pamodzi. Nditazimwaza, zina sindinadziwenso kuti zinali ndi ziti.

Choncho mukatsegula chivundikiro, jambulani kaye ndi foni mmene zinthu zakhalira. Mtolo uliwonse muupatse nambala pa kapepala koyera kolembedwa ndi pensulo, ndipo mkati mwake musasinthe kalikonse. Kalata isasiyane ndi envulopu yake. Chimene mwapeza mkati mwa kalata, kaya ndi chithunzi, risiti ya postal order kapena tsamba louma, chikhale momwemo. Kusanja motsata zaka mudzachita m'kaundula, mapepala enieniwo ali pamalo pake.

Kuchiza mapepala odwala

Sambani m'manja n'kupukuta bwino, ndipo tiyi akhale kutali. Yalani nsalu yoyera patebulo. Kalata yopindidwa kwa zaka 50 imathyoka ngati tsamba la fodya louma mukaitambasula mothamanga, ndiye itsegulireni patebulo pang'onopang'ono, osati m'mwamba. Imene yakana, isiyeni.

Chotsani mapini, masitepulo ndi tizitsulo topanira mapepala, chifukwa dzimbiri lake limadya pepala mpaka kuboola. Mphira zomangira nazonso zichoke; zikakalamba zimasungunuka n'kumatirira. M'malo mwake pindani pepala loyera la fotokope pakati, n'kulowetsamo masamba a kalata imodzi. Zidutswa za nyuzipepala muzitsekere m'pepala lakelake, poti asidi wa pepala la nyuzipepala amadetsa chilichonse chimene chagundana nalo.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu amachita ndi mtima wabwino koma zimapha kalata: selotepu ndi lamineti. Selotepu imasanduka yachikasu, imakanganuka, n'kusiya zomata zimene zimalowerera m'pepala. Lamineti ndiye ndi yoopsa kwambiri, chifukwa pulasitikiyo imamatidwa ndi kutentha ndipo simungaichotsenso popanda kung'amba. Kalata yong'ambika ingoikani zidutswa zake zonse m'pepala lopinda lija.

Mukamva fungo la chinyezi kapena kuona chuku, patulani mtolowo. Yanikani mapepala pamthunzi pomwe pakupita mphepo, osati padzuwa, chifukwa dzuwa limasulutsa inki. Akauma, phimbani mphuno ndi pakamwa, mutulukire nawo panja n'kusesa chukucho ndi burashi yofewa. Musapukute ndi nsalu yonyowa, ndipo musapopere mankhwala ophera mphemvu. Ngati muli tizilombo tamoyo, tsekerani mapepala ouma m'jumbo yosalowa mpweya, muike mufiriji youmitsa nyama kwa sabata imodzi kapena awiri. Mukatulutsa, jumboyo isatsegulidwe mpaka tsiku lonse litadutsa kuti thukuta la kuzizira ligwere kunja kwa pulasitiki. Njira imeneyi imafuna firiji yosasungunuka, ndiye ngati kwanu magetsi amathimathima, pemphani mnzanu amene ali ndi sola.

Kupeza chaka cha kalata yopanda deti

Ntchito imene inandikomera kwambiri ndi iyi. Makolo athu ambiri ankangoyamba ndi "Wokondedwa achimwene, ine ndili bwino, kaya inu kumeneko," popanda tsiku kapena chaka. Koma envulopu imayankhula. Yang'anani chidindo cha ku positi. Nthawi zambiri tsiku limaoneka mukapendeketsa envulopuyo pafupi ndi zenera. Chikakhala chofufutika, sitampa ikuthandizani. Masitampa olembedwa kuti Rhodesia & Nyasaland ndi a nthawi ya chitaganya, kuyambira 1954 mpaka 1963. Olembedwa Malawi sangakhale a kale kuposa July 1964. Adiresi ikati Salisbury, kalatayo iyenera kuti inalembedwa dzinalo lisanasinthe kukhala Harare mu 1982, ngakhale achikulire ena anapitiriza kulemba dzina lakale kwa zaka zingapo.

Ndalama zotchulidwa m'kalata nazonso ndi mboni. Kumudzi ku Malawi mapaundi ndi mashilingi anatha mu 1971 pamene kunabwera kwacha ndi tambala, ndipo kuno dola inayamba mu 1970. Mayina a malo: Fort Johnston ndi Mangochi wa lero, Port Herald ndi Nsanje, Umtali ndi Mutare. Wolemba akati akupita ku likulu ku Zomba, ndiye kuti 1975 isanafike. Pali zochitika zimene munthu aliyense ankazitchula: njala ya 1949, kumangidwa kwa anthu mu March 1959, chilala cha 1992, riferendamu ya June 1993. M'makalata athu a m'zaka za m'ma 1980 muli madandaulo akuti njira ya ku Tete yavuta chifukwa cha nkhondo ya ku Mozambique, ndipo katundu wotumizidwa pa Khirisimasi sanafike.

Kalembedwe kakhoza kukusokeretsani. Mudzaona "cifukwa" ndi "cabwino" opanda h, monga ankaphunzitsira kusukulu za mishoni malamulo a kalembedwe ka Chichewa a 1973 asanabwere. Koma munthu amene anaphunzira choncho amafa akulemba choncho, ndipo anzathu a ku Zambia amalembabe motero mpaka lero. Musadalire umboni umenewu pawokha.

Chaka chimene mwachita kuganizira musachilembe pa kalatayo. Chilembeni pa pepala lokutira lija ndi pensulo, ndipo muonetse kuti n'chongoyerekeza: "mwina 1968, poona sitampa".

Kaundula, ndi munthu wokuwerengerani

Gulani kope lachikuto cholimba, kapena tsegulani tebulo pakompyuta. Kalata iliyonse ikhale ndi mzere wake: nambala ya mtolo ndi ya kalata, tsiku, wolemba, wolandira, kumene yachokera, masamba angati, chiyankhulo, ndi mawu ochepa onena zimene zilimo. Musakonze Chichewa cha wolembayo pokopera. Pamene a malume asakaniza Chishona kapena Chingerezi, pasiyeni momwemo, chifukwa kusakanizako ndi mbiri ya munthu amene wakhala zaka zambiri kuchilendo.

Kenako pezani wachikulire. Ambiri a ife obadwira kuno Chishona ndiye chimatuluka msanga, ndipo Chichewa cha m'makalatawa n'chakuya, chodzaza ndi mayina a mwambo ndi mawu okuluwika. Ine ndinkapita ndi mtolo umodzi Loweruka lililonse kwa agogo ena a mumpingo wathu wa CCAP, amene anakulira dera limodzi ndi a malume. Ndinkawerenga mokweza, iwo n'kumandiimitsa: "Iyayi mdzukulu, ameneyo si dzina la munthu, ndi dambo la kuseri kwa sukulu." Ndi iwo amene anandimasulira chinthu chimene chinandizunguza mutu kwa miyezi. Makalata a amayi awo a malume anali ndi zilembo zosiyanasiyana, zina zazikulu zokhotakhota, zina zaukhondo. Agogowo anati mayiwo sankadziwa kulemba. Ankaitana mwana wasukulu n'kumamuuza zonena. Mwana akakula n'kuchoka, ankalowa wina. Tsono m'kaundula ndinawonjezera danga la "wogwira cholembera", ndipo awiri mwa anawo tinawapeza ali moyo, ndi azigogo tsopano.

Pemphani chilolezo chojambula mawu pa foni nthawi ya zokambirana zoterezi. Musazengereze. Pepala likhoza kudikira chaka china, koma anthu odziwa kuti "Nachisale wa kutsidya" anali ndani akutha.

Theka lina lili kumudzi

Chinthu ichi ambiri sachiganizira. M'sutikesi ya mlembi mumakhala makalata amene iye analandira. Amene analemba yekha, omwe ndi ofunika koposa, ali m'manja mwa anthu amene ankawalembera. Bessie Head ankasiya kope la kaboni akamatayipa makalata ake, n'chifukwa chake ku Serowe mawu ake alipo pamodzi ndi mayankho. A malume ankalemba pamanja ndipo sankasiya kope. Ndinali ndi mayankho okhaokha a mafunso amene sindinkawadziwa.

Kaundula uja ndi amene akuuzeni koyambira. Onani mayina amene akubwerezedwa, mulembe mndandanda, muyambe kufunsa. Ine ndinakwera basi kudzera pa Nyamapanda ndi ku Tete mpaka ku Dedza, nditatumiziratu uthenga kwa amayi aakulu, achemwali awo a malume. Musafike ndi kufunsa makalata tsiku loyamba. Mwabwera kudzaona anthu, ndipo mwanyamula shuga ndi sopo monga mwa masiku onse. Tsiku lachitatu amayi aakulu anatulutsa okha chitini cha mabisiketi pansi pa bedi. Chiswe chinali chitadya ngodya imodzi, koma makalata ambiri anali bwino.

M'menemo ndinapezamo kalata ya buluu ya pa ndege, imene a malume ankapempha achemwali awowo kuti awalembere mawu onse a nyimbo ina ya pamtondo. Ankati akufuna kuiika m'kamwa mwa mtsikana wa m'nkhani yawo, koma akukumbukira mzere woyamba wokha, ndipo akazi a ku lokeshoni sasinja. Yankho lake ndinali nditaliwerenga kale ku Harare osalimvetsa: tsamba lonse la nyimboyo, pansi pake atalemba kuti, "Achimwene, mwayamba kuiwala kwanu." Nditawerengera amayi aakulu makalata awiriwo motsatizana, anayamba kuimba nyimboyo, ndipo sanaimalize.

Makalata amenewo ndi a amene anawalandira. Musawakakamize kuti akupatseni. Pemphani kujambula, ndipo muwasiyire mapepala oyera okutira ndi malangizo a kasungidwe. Ena adzakupatsani okha akaona kuti mwasamala.

Kujambula

Sikana ndi yabwino kuposa foni, ndipo muitchere pa 300 dpi (muyeso wa kuoneka bwino kwa chithunzi) kapena kuposerapo, ya mitundu ngakhale kalatayo ndi ya inki yakuda. Musalowetse kalata yakale m'makina okoka mapepala okha. Igonekeni pagalasi ndi manja. Mukagwiritsa ntchito foni, jambulani pafupi ndi zenera masana, osayatsa fulashi, foni itayang'ana pansi molunjika. Jambulani kumaso ndi kumbuyo kwa tsamba lililonse, ndi envulopu yomwe. Dzina la chithunzi lifanane ndi nambala ya m'kaundula. Sungani malo atatu: pakompyuta, pa fulashi disiki imene ikukhala kunyumba ina, ndi pa intaneti. Potumizira abale pa WhatsApp, tumizani ngati document, apo ayi chithunzicho chimachepetsedwa mpaka zilembo zing'onozing'ono kusawerengeka.

Zinsinsi ndi umwini

M'makalata a pabanja mumapezeka ngongole, matenda, mwana wa kunja, kunenezana ufiti, mawu okwiya amene wolembayo anadzapepesa pambuyo pake. Mtima umafuna kung'amba zoterozo kuti dzina la malemu liyere. Ine ndikuti musang'ambe. Zipatuleni m'foda yakeyake, mulembe m'kaundula kuti zatsekedwa, ndipo banja ligwirizane kuti zidzatsegulidwe liti, mwina onse otchulidwamo atapita. Komanso musathamangire kuika makalata pa Facebook. Amene ankalembera mlongo wake usiku pa nyali ya parafini sankalembera dziko lonse.

Dziwaninso kuti mwini pepala ndi mwini mawu ndi anthu awiri. Pepala ndi la amene analandira kalatayo, koma ufulu wosindikiza mawuwo ndi wa wolembayo, ndipo akamwalira umapita kwa olowa m'malo mwake. Ku Zimbabwe ndi ku Malawi komwe, ufulu wa mlembi umakhalapo moyo wake wonse ndi zaka 50 atamwalira. Ndiye mukafuna kusindikiza kalata imene mnzawo wa a malume analemba, mukagogode kubanja la mnzawoyo.

Kukapereka

National Archives of Zimbabwe, nyumba ya boma yosungiramo zolembedwa zakale, ili ku Gunhill, cha kumsewu wopita ku Borrowdale. Inakhazikitsidwa mu 1935, ndipo kuwonjezera pa mafayilo a boma ili ndi gawo la Historical Manuscripts, losunga mapepala a anthu wamba, mabanja, mipingo ndi mabungwe. Ya ku Malawi ili ku Zomba. Inayamba mu 1947 ngati nthambi ya Central African Archives, imene likulu lake linali mumzinda uno. Musaope kuti makalata a Chichewa ndi achilendo kuno. Malamulo aakulu a dziko lino a 2013 amatchula Chichewa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka, ndipo mbiri ya malokeshoni a Mbare, Highfield ndi Mabvuku singanenedwe popanda anthu amene anabwera ndi Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito, kapena kuyenda pansi kuchokera ku Nyasaland.

Ulendo woyamba pitani ndi chitupa chanu, kaundula ndi zithunzi zochepa, makalata enieniwo atsale kunyumba. Pemphani kuonana ndi woyang'anira gawolo, ndipo mufunse mafunso awa mosachita manyazi. Kodi mukupereka kotheratu kapena mukungosungitsa, banja n'kukhalabe eni ake? Foda yotsekedwa ija adzailemekeza mpaka chaka chimene mwanena? Ndani adzapereke chilolezo wina akafuna kusindikiza? Abale akafuna kudzawerenga adzachita bwanji? Zimene mwagwirizana zilembedwe, musayinirane, ndipo kope la mgwirizanowo lipite kwa anthu awiri kapena atatu a m'banja. Muwapatsenso kaundula wanu ndi mbiri yachidule ya mlembiyo, chifukwa wogwira ntchito kumeneko mwina sawerenga Chichewa, ndipo bokosi losafotokozedwa limakhala pashelefu popanda wolifunsa.

Funso la Harare kapena Zomba ndi lolemera, ndipo ndi la banja lonse. Maganizo anga ndi akuti makalata akhale kumene adzukulu a mlembiyo angafike pa kombi, ndipo mbali inayo ilandire zithunzi zonse pamodzi ndi kaundula. Mabuku oposa 3,000 a Doris Lessing anabwera ku Harare City Library iye atamwalira mu 2013, koma wophunzira wa kuno wofuna makalata amene analembedwera mumzinda wake womwe ayenera kulemberana ndi a ku England. Wina akabwera ndi ndalama kuti agule makalata anu n'kupita nawo kunja, muganizire zimenezo musanayankhe.

Podikira

Ife sitinamalize kukambirana. A ku Dedza akufuna Zomba, ana a malume akufuna kuno. Pakadali pano makalata ali m'mafoda, chogona, m'makatoni awiri aukhondo. Mukapeza mafoda opanda asidi gulani amenewo. Katoni isakhale pansi pa simenti, isagunde khoma lakunja, isakhale kudenga kumene malata amatentha, kapena kukhitchini. Yathu ili pashelefu yapakati m'wadiropu ya chipinda chamkati. Sindiika makalata m'majumbo otseka, chifukwa chinyezi chikatsekeredwamo chuku chimabwera. Ndimatsegula makatoniwo mu November mvula ikamayamba, ndi mu March ikamatha, kununkhiza ndi kuyang'ana ngati muli timibulu ta mphemvu kapena dothi la chiswe.

Makalata atatu mulibe m'makatonimo. Ndi amene a malume analembera azakhali asanakwatirane, ndipo azakhali anawapempha kuti abwerere kwa iwo. Ndinawajambula iwo atavomera, ndipo m'kaundula, pa mzere wa 7/1 mpaka 7/3, ndinalemba ndi pensulo kuti ali m'Baibulo lawo ku Highfield.